Zoyera m'kamwa mwa mwana wanga wa mphumu, kodi ndisiye inhela yabulauni?

Mayi wa ku Chia, Lachiwiri usiku

Moni nonse, amayi ndi abambo. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga muno osalembako, koma lero mutu waima, ndithandizeni nzeru.

Ndimakhala kufupi ndi Chia, m'mbali mwa msewu wa M5 kuno ku Nkhotakota. Ndimapikula nsomba kwa asodzi, zina kugulitsa zaziwisi kwa apamsewu, zotsala kuwamba. Mwana wanga wachiwiri ndi wamwamuna, ali ndi zaka 6, wangomaliza Sitandade 1. Mphumu inamuyamba ali ndi zaka 3. Chaka chatha nthawi ya mwera anagonekedwa kawiri, mu Juni ndi mu Julayi. Ulendo wachiwiriwo sindidzauiwala. Inali cha m'ma 2 koloko usiku, nthiti zikulowa m'kati, m'chifuwa mukulira ngati kamwana ka mphaka, kulankhula osatha. Tinakwera njinga yamoto ya kabaza, ine nditamufunditsa zitenje ziwiri, mphepo ikutimenya kumaso mpaka kuboma. Anakhala masiku 4 ali pa okosijeni.

Inhela yabuluu ija, ya salbutamol, tinali nayo kale. Mu Epulo chaka chino adokotala anatiwonjezera ina yabulauni, pakachitini palembedwa beclomethasone 100. Anati azipopera kawiri m'mawa, kawiri madzulo, tsiku lililonse, kaya ali bwino kaya akudwala. Ndinene zoona, mankhwala amenewa anatithandiza. Mwera wa chaka chino waomba mpaka mabwato kugona pamtunda masiku angapo, koma mwana sanagonekedwe ngakhale kamodzi. Yabuluu taigwirako mwina katatu kokha. Wayamba kumenya mpira wachikulunga ndi anzake, zomwe kale ankangoonerera atakhala pakhonde.

Tsopano sabata yatha anayamba kukana chakudya. Mwana amene kondowole wa kampango amamaliza yekha mtanda wonse, anangotsina kawiri nkukankha mbale. Tiyi wotentha akalawa akulira, akuti m'kamwa mukuwawa. Nditamuunika ndi tochi ya foni ndinapeza lilime, m'kati mwa masaya ndi kumwamba kwa kamwa kuli zoyerayera ngati wadya chambiko osachukucha. Ndinayesa kupukuta ndi kansalu koyera, zina zinachoka koma pansi pake panali pofiira, pena kutuluka timagazi. Mawu nawonso asasa, akamayitana mlongo wake ngati kankhalamba.

Apongozi anga akuti mankhwala opoperawo ndi amene amuwotcha m'kamwa, ndipo Lamulungu anatenga inhela yabulauniyo nkukayika m'chikwama chawo. Ine sindinalimbane nawo chifukwa nanenso ndinali ndi mantha. Bambo ake kulibe, ali kunyanja, abwera mwina kumapeto kwa mwezi.

China chimene chikundisowetsa tulo ndi ichi. Dzulo pamjigo mayi wina atamva ndikufotokoza, anangoti, "Zoyera m'kamwa paja mukudziwa..." osamaliza, anzake nkuyang'ana pansi. Ndikudziwadi. Amayi anga aang'ono anamwalira mu 2003, ine ndili mtsikana, ndipo m'kamwa mwawo munali moyera chonchi, ndine ndinkawamwetsa phala ndi sipuni. Chiyambireni dzulolo ndikamuyang'ana mwanayu ndikuona amayi aang'ono aja.

Lero m'bandakucha chifuwa chija chayambanso, chouma, chosalekeza. Masiku awiri okha chisiyireni.

Ndiye funso langa: alipo amene mwana wake zinamuchitikirapo? Ndi inhelayi kapena ndi zinazo? Ndikaitenge kwa apongozi kapena ndiisiye komweko?

Bambo wa ku Lifuwu, Lachitatu m'mawa

Mayi, pepani ndi mwana. Kaitengeni lero lomwe. Wanga wamkazi ali ndi zaka 11 pano, nayenso wa mphumu, zinamuchitikira ali ndi zaka 7, chimodzimodzi mmene mwafotokozeramu, mpaka m'mbali mwa milomo kung'aluka. Ife tinalakwitsa mmene mwayamba kulakwitsira inumu, tinasiya yabulauni kwa sabata ziwiri. M'kamwa simunachire chifukwa chosiyacho, koma chifuwa ndiye chinabwera ndi ukali, nthawi yopuntha mpunga fumbi lili tolo, mpaka tinagona naye kuchipatala.

Funso limodzi: akapopera amachukucha m'kamwa? Ife palibe anatiuza poyamba paja, anangotipatsa pawindo nkuti wotsatira. Anamwino a muwodi ndi amene anadzatiphunzitsa. Kuyambira pamenepo kapu ya madzi imakhala pambali pa inhela, ndipo zaka 4 tsopano zoyerazo sizinabwerenso.

Nachisale wa pa Benga, Lachitatu m'mawa

Ine ndikugwirizana ndi apongozi anuwo, akulu saname. Ma inhela amenewa mwana akazolowera sasiyanso moyo wake wonse, ndipo akuti amapinimbiritsa ana. Tengani soda pang'ono ndi mchere, mukulunge kansalu kuchala mumukweche bwinobwino lilimelo, kenako mumupake uchi. Ife tinakula choncho.

Namwino wa ku Salima, Lachitatu masana

Amayi a ku Chia, ndine namwino, ndagwira muwodi ya ana zaka zambiri. Sindinamuone mwanayo, choncho zimene ndilembe pano sizikulowa m'malo mwa ulendo wa kuchipatala, ndipo ulendowo muupange mawa, musadikire bambo ake. Koma mmene mwafotokozeramu ndi zinthu zimene ndaziona kambirimbiri.

Zoyerazo kuchipatala timati oral thrush. Amayambitsa ndi fangasi wotchedwa Candida albicans, wa mtundu wa yisiti. Fangasi ameneyu sachokera kutali, anthu ambiri athanzi tili naye m'kamwa ndi m'matumbo, koma amakhala wochepa chifukwa chitetezo cha thupi ndi mabakiteriya abwino a m'kamwa amamupanikiza. Akapeza mpata amachulukana nkuyala zoyera mwaonazo. Mwachita bwino kutiuza za kupukuta kuja, chifukwa ndi mmene timasiyanitsira: zotsalira za phala kapena mkaka zimachoka nkusiya pabwinobwino, pomwe thrush imasiya pofiira, pena potuluka magazi.

Mpata waupeza bwanji? Mwana wa mphumu tinjira ta mpweya m'mapapo mwake timakhala totupa m'kati ngakhale tsiku limene akuoneka bwino. Inhela yabuluu imangotsegula tinjirato kwa maola ochepa, kutupako siyikukhudza. Yabulauni ndi steroid, ntchito yake ndi kuziziritsa kutupako pang'onopang'ono, nchifukwa chake amati tsiku lililonse. Vuto ndi lakuti mwana akaika inhela m'kamwa mwachindunji, mankhwala amatuluka ndi liwiro lalikulu, ndipo gawo lalikulu limangomenya lilime ndi kukhosi nkukakamira pomwepo, lochepa ndi limene limafika kumapapo. Ngakhale akuluakulu ambiri satha kudina ndi kukoka mpweya nthawi imodzi, nanji mwana wa zaka 6. Mankhwala otsalira m'kamwawo amagwira ntchito yawo yomweyo yoziziritsa chitetezo, koma pamalo olakwika, ndiye fangasi uja amasangalala. Kusasa mawu nakonso nchifukwa chomwecho, mankhwala akukakamira pakholingo. Makamaka wamadzulo uja, mwana akapopera nkugona osachukucha, mankhwala amagona m'kamwa usiku wonse.

Ndiye apongozi anu sanalakwe kwenikweni poloza inhelayo. Pamene alakwa ndi poibisa. Thrush imawawa koma imachira m'masiku owerengeka. Mphumu yosasamalidwa inu mukuidziwa kuposa ine, munaiona usiku wa Julayi uja. Chifuwa cha m'bandakucha chayambachi ndi belu, muyambirenso lero madzulo, ndipo yabuluu ikhale pafupi usiku uno. Akayamba kubanika, nthiti kulowa, kulephera kumaliza mawu, yabuluu osathandiza, nyamukani nthawi yomweyo.

Mankhwala a m'kamwa amene timapereka kawirikawiri ndi nystatin wamadzi. Kwa mwana ngati wanuyo nthawi zambiri ndi 1 ml kanayi patsiku, akatha kudya, aziwasunga m'kamwa nkumawayendetsa ndi lilime kanthawi ndithu asanameze, kenako osadya kapena kumwa kwa theka la ola. Apitirize masiku 7, ndipo ngakhale zoyera zitatha msanga, awonjezere masiku awiri zitatha kale, apo ayi zimabwerera. Koma mutsatire mmene akulembereni amene amuone. Nystatin akasowa ena amapereka GV, wofiirira uja timapaka pazilonda, koma wa m'kamwa amayenera kukhala wosungunulidwa. Wa pazilonda za pamwendo musamupake m'kamwa, amawotcha.

Kuti zisabwerenso pali zinthu ziwiri. Choyamba anena kale abambo a ku Lifuwu. Akangomaliza kupopera achukuche ndi madzi, ayang'ane kumwamba madziwo afike kukhosi, alavule, osameza. Kawiri kapena katatu. Chophweka ndi kumupatsa inhela asanatsuke mano, kuti mswachi umalize ntchito.

Chachiwiri ndi spacer, ndipo ichi ndi chimene ndimalimbikira kwambiri. Ndi kachibotolo kamene kamakhala pakati pa inhela ndi kamwa la mwana. Mankhwala akalowa m'menemo liwiro limatha, timadontho tikulutikulu timene tikanakakamira palilime timatsalira m'botolomo, tating'ono nditimene mwana amakoka mpaka kumapapo. Yogula kufamase ilipo koma ndi yodula ndipo sipezeka paliponse. Botolo la pulasitiki la zakumwa la 500 ml limagwira ntchito. Izi si nzeru za pamsika, madokotala a ana ku Cape Town anaziyesa ndipo anafalitsa zotsatira mu 1999, anapeza kuti botolo lotere limathandiza ana obanika mofanana ndi spacer yogula. Amaboola kunsi kwa botolo bowo lofanana ndendende ndi kukamwa kwa inhela, ambiri amapinda waya nkuutenthetsa pamoto, inhela nkulowa mothina kuti mpweya usamathawire m'mbali. Mwana amavumata kukamwa kwa botolo. Mukhutchumule inhela, mudine kamodzi, mwana apume bwinobwino kasanu kapena kasanu nkamodzi, kenako mukhutchumulenso mudine kachiwiri. Musadine kawiri nthawi imodzi. Botololo muzilitsuka ndi madzi a sopo nkulisiya liume lokha, osapukuta ndi nsalu, chifukwa pulasitiki ikakhuzidwa imakoka mankhwala nkumamatira m'mbali. Pitani nalo botolo kuchipatala akakuonetseni ndi maso, kulemba kokha sikukwanira.

A Nachisale, ndikulemekezeni, koma kukwecha ayi. Pansi pa zoyerazo pali kale pachilonda, mukakwecha ndi soda ndi mchere mwana adzalekeratu kudya. Uchi ndi shuga, ndipo yisiti chakudya chake ndi shuga, amene amaphika mandasi akudziwa. Za kuzolowera, inhela ilibe chilakolako ngati fodya. Mwana amaifuna nthawi yaitali chifukwa matendawo ndi okhalitsa, ndipo alipo ana ambiri amene akamakula mphumu imachepa mpaka adokotala kuwatsitsira kapena kuwasiyitsa. Za kupinimbira, zimene anapeza poyeza ana kwa zaka zambiri ndi kusiyana kwa pafupifupi sentimita imodzi. Mwana wogona muwodi kawirikawiri, wosadya, wojomba kusukulu, amataya zambiri kuposa pamenepo.

Za mayi wa pamjigo uja ndisazilumphe. Nzoona kuti thrush imabwera kawirikawiri kwa anthu amene chitetezo chatsika ndi HIV, ndipo ife amene tinagwira ntchito ma ARV asanafale tinaziona zimene munaona kwa amayi anu aang'ono. Koma si HIV yokha. Imabwera kwa makanda athanzi, kwa odwala shuga, kwa amene angomwa maantibayotiki, ndi kwa opopera steroid ngati mwana wanuyu. Mwana amene akukula bwino, akumenya mpira, ndipo zoyera zabwera atayamba beclomethasone wosachukucha, chifukwa chake chili poyera. Komabe ine mwana aliyense wa zaka 6 wobwera ndi thrush ndimapempha kuti tiyeze, chifukwa kuyeza nkwaulere, ndi mphindi zochepa, ndipo kuganizira sikunachizepo munthu. Ndifunseko: wamwako mankhwala ena posachedwapa? Nanga inu munayezetsa liti komaliza?

Mayi wa ku Chia, Lachitatu usiku

Zikomo nonse, makamaka anamwino, mwandimasula zambiri. Abambo a ku Lifuwu, yankho ndi ayi, sanachukuchepo ngakhale tsiku limodzi. Amapopera ali kale pamphasa, ine nkuzimitsa nyali. Palibe anandiuza. Tsiku limene tinalandira kunali mzere mpaka panja, ndinangomva "kawiri m'mawa, kawiri madzulo," ndipo nanenso sindinafunse.

Za mankhwala ena, anamwino, ndiulule. Kumayambiriro kwa Julayi anali ndi chimfine, ndinaopa kuti chitsikira m'chifuwa, ndiye ndinagula makapisozi a amoxicillin pagolosale ndikumamutsegulira m'madzi masiku 5. Ndinkayesa ndikuteteza. Ndiye kuti ndinawonjezera ndine.

Inhela ndakaitenga. Sizinali zophweka. Apongozi anga si munthu woipa, ndi amene anagona nane pansi muwodi masiku 4 aja, mwanayu amamukonda kuposa adzukulu onse. Ndinapita madzulo nditaphika, ndinakhala pansi, ndinati amayi, mwamva mmene akutsokomolera m'mawa? Anati ndamva. Ndinawawerengera zimene mwalemba pafoni, mpaka pamene mwanena kuti sanalakwe poloza inhela. Pamenepo anamwetulira, nkulowa kuchipinda kukatenga chikwama. Anangoti akapanda kuchira m'kamwamo tidzakambirananso. Wapopera, wachukucha katatu, amaseka ndi phokoso la madzi pakhosi.

Funso lanu lachiwirilo ndi limene landikhalitsa chete nthawi yaitali ndisanayankhe. Ndinayezetsa kusikelo ndili ndi pakati pa iyeyu, komanso pochira, zonse zinali bwino, zili m'kabuku kanga ka kuchipatala. Kuchokera pamenepo sindinayezetsenso. Ndinamuyamwitsa zaka ziwiri. Bambo ake ndi msodzi, amatha miyezi ali kumadooko ena, ndipo ine sindikuwanenera kanthu, ndi munthu wosamala banja lake, koma moyo wa kunyanja tonse timaudziwa. Ndikuopa kuti ndikalowa m'kachipinda koyezera kaja wina wa kwathu andiona, mawa pamjigo nkhani ili ponseponse. Ndipo ndikuopa yankho lenilenilo. Ndikapezeka nako ndiye kuti ndinamupatsa ndine ndi bere langa.

Mayi wa ana atatu, Nkhotakota boma, Lachinayi m'mawa

Achemwali, ine sindidziwa za mphumu, koma za mantha amenewa ndikuzidziwa. Ndinapezeka ndi kachilombo mu 2012 ndili ndi pakati. Nthawi imeneyo boma linali litangoyamba, mu 2011, kupereka ma ARV kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka nako, osadikira kuti adwale. Ndinayamba tsiku lomwelo. Mwana ameneyo ali kusekondale, alibe. Awiri obwera pambuyo pake alibenso. Ine ndimalima mpunga wanga, ndimasenza thumba ndekha.

Amayi anu aang'ono anadwala nthawi imene mankhwala aulere anali asanafike kumidzi. Pano si 2003. Pitani, ndipo yambani ndinu kutambasula chala mwana akuona, kuti asaope. Za pamjigo zisiyeni, alankhula kale musanayezetse nkomwe. Mukafuna wokuperekezani ndilembereni kumbali, ndili pafupi ndi msika, ndibwera.

Namwino wa ku Salima, Lachinayi m'mawa

Amayi a ana atatu anena zonse, sindiwonjezera. Za amoxicillin, inde, amapha mabakiteriya abwino aja a m'kamwa nkusiyira fangasi bwalo, ndipo chimfine wamba sachiza. Musadzimenye nazo, koma mukawauze adokotala, ndipo ulendo wina musagule pagolosale.

Mukafunsenso za mlingo. Kawiri m'mawa ndi kawiri madzulo pa inhela ya 100 ndi 400 patsiku. Mwana akakhala bwino miyezi itatu yotsatizana adokotala amatha kutsitsa pang'ono, makamaka akayamba spacer chifukwa mankhwala ambiri amakhala akufika kumapapo. Koma atsitse ndi iwo, osati inu kapena apongozi, ndipo mwina anganene kuti mudikire mwera uthe.

Chinanso chimene ndinachiona mu uthenga wanu woyamba: mumawamba nsomba. Ng'anjo yanu ili pati, ndipo mwana amakhala kuti mukamawamba? Ngati mumayatsa koyilo wa udzudzu m'chipinda chimene amagona, siyani, neti ikwanira.

Akayamba kumva kuwawa pomeza mpaka m'chifuwa, kukana ngakhale madzi, kapena zoyera zikapanda kusintha pakatha sabata ali pamankhwala, mubwerere msanga. Pamenepo pamafunika mankhwala akumwa monga fluconazole ndi kufufuza zina, kuphatikizapo shuga.

Mayi wa ku Chia, Lachisanu la sabata yotsatira

Ndabweranso kuti ndikuuzeni mmene zayendera, chifukwa si bwino kupempha moto nkusowa osanena ngati nsima inapsa.

Tinapita Lachinayi lomwe lija. Amayi a ana atatu anandidikira pageti monga analonjezera, munthu woti sindinamuonepo chibadwire, atanyamula nthochi za mwana. Achemwali, Mulungu akudalitseni, ndinalowa m'kachipinda kaja chifukwa munali mutakhala pabenchi panja. Ndinayamba ndine kubayitsa chala. Mphindi zodikira zija ndinawerenga malata onse a kudenga. Tonse awiri tilibe. Ndinalira, ndipo aphungu aja anandisiya ndilire, kenako anati bambo akabwera kunyanja mubwere nawo. Ndawauza kale pafoni, anangoti tikambirana ndikafika. Imeneyo ndi nkhani ina, ndidzaisenza ikafika.

Adokotala atamuunika anati ndi thrush yomweyo. Nystatin kuchipatala kunalibe tsiku limenelo, anandilembera ndikagule kufamase, ndalama ya nsomba za tsiku lonse inathera pamenepo, koma sindikudandaula. Pofika Lamulungu anayamba kudya phala la mpunga osalira. Lachiwiri anapempha yekha kondowole. Lero ndaunika ndi tochi, kwangotsala kadontho kamodzi kumbuyo kwa tsaya lakumanzere, ndiye ndipitiriza mpaka kathe ndi masiku awiri apamwamba aja. Mawu akadali osasa pang'ono m'mawa, masana amamveka bwino.

Botolo ndinapita nalo. Bambo wina wa kuchipatala komweko anandiboolera, nkumuphunzitsa mwana kupuma ngati akununkhiza ndiwo za mnzake. Ndinadabwa kuona kautsi koyera kakuyandama m'botolomo nkumatha pang'onopang'ono mwana akamapuma. Miyezi inayi yonseyi ndinkaona kautsi komweko kakutuluka m'mbali mwa milomo yake, ine nkumayesa ndi mmene zimakhalira. Za mlingo anati tisasinthe pano, tibwere kumapeto kwa Seputembala mphepo ikadzatha adzaone.

Chifuwa cha m'bandakucha sichinathe tsiku lomwelo ayi. Chinatenga pafupifupi sabata, ndipo usiku uwiri tinagwiritsa yabuluu. Masiku atatu osiya aja tinawalipira.

Ng'anjo, anamwino, munalasa. Ili kuseri kwa nyumba, masitepe asanu kuchokera pawindo la chipinda chimene ana amagona, ndipo mwera ukaomba utsi wonse umalowa m'menemo, zofunda zimanunkha mlamba. Iyeyu ndi amene ndimamutuma kusonkhezera nkhuni ndikakhala kumsewu ndi makasitomala. Zimenezo ndaletsa. Alamu anga alonjeza kundiumbira ina kumunsi kufupi ndi mtengo wa mango, mbali imene mphepo imapita, akamaliza kupuntha mpunga wawo. Pakali pano ndikamawamba ana amapita kwa agogo awo.

Agogo akewo ndiye asanduka apolisi a kapu. Madzulo aliwonse amabwera ndi kapu yawo yachitsulo, amaima pakhomo mpaka mwana alavule katatu, ndipo dzulo ndinawamva akuuza mayi wa pamjigo uja kuti mdzukulu wawo anangopsa ndi mankhwala otsalira palilime, enawo azisamala pakamwa.

Funso lomaliza, anamwino. Yabulauniyi ndikaikhutchumula imamvekabe kuti muli kanthu, koma tayamba nayo kalekale. Ndingadziwe bwanji kuti yatha? Ndikuopa kumamupopera mpweya wokha.

Namwino wa ku Salima, Lachisanu usiku

Ndakondwa kwambiri, amayi. Kukhutchumula kumanamiza, chifukwa madzi okankha mankhwala amatsalamo ngakhale mankhwala enieniwo atatha. Yang'anani pakachitini kapena pakatoni, ambiri amalemba 200 doses. Mwana wanu amadina kanayi patsiku, ndiye 200 kugawa ndi 4 ndi masiku 50. Ngati imene muli nayoyo ndi ya mu Epulo yomwe ija, inatha kalekale, pitani Lolemba mukatenge ina ndipo munyamule yakaleyo akaione. Ngati munalandira ina pakatipa, werengani kuchokera tsiku limene munaitsegula. Yatsopanoyo mulembe deti loyambira pakatoni ndi bolopeni, muwerenge masiku 50 pakalendala muike chizindikiro, ndipo mukatenge ina kutatsala sabata imodzi, poti mwina mukapeza kulibe nkufunika kubwereranso.

Mayi wa ku Chia, Lachisanu usiku

Ndayang'ana m'kabuku. Iyi ndi yachitatu, tinalandira pa 14 Julayi, koma tinaitsegula pa 20 chifukwa inayo inali isanathe. Sindiwerengera masiku atatu amene inali m'chikwama cha apongozi. Ndawerenga ndi mlongo wake pakalendala ya kutchalitchi, tazunguliza pa 10 Seputembala, ndipo pa 3 ndilo tsiku lopita kuboma.